Anavula Apongozi Anga pa Kacholola

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka tsitsi langa layela, ndipo sanalole kuti mutu wanga usokonezeke pa tsiku limene ndikufuna kukuuzani. Ndithokozenso inu amene mwapeza mpata wowelenga mawu a mayi wamba ngati ine. Nkhaniyi si nthano ayi, ndiponso sindinachite kuimva pachitsime. Ndinalipo ndekha, fumbi lake linandilowa m'kamwa, ndipo Iye amene amayesa mitima akudziwa kuti sindikuwonjezela kanthu. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwo akali moyo ndipo ali ndi adzukulu amene sanalakwe.

Nditakwatiwa, amuna anga ananditengela kwao ku Kaumbwe, kenako iwo anapita ku Lusaka kukagwila ntchito yomanga nyumba, ine n'kutsala pamudzi ndi apongozi aamuna. Apongoziwo anali msilikali wakale, mmodzi wa aja anatengedwa ndi azungu kukamenya nkhondo ku Burma, kutsidya kwa nyanja yaikulu. Anali munthu wofatsa, wosamwa mowa, wopinda bulangeti lake bwinobwino m'mawa uliwonse ngati kukubwela wina kudzayendela. Mpunga sankadya, ankati anaudya wokwanila moyo wonse, ndipo nkhuku sankapha, ankachita kupempha wina. M'miyendo mwao munali timadontho takuda tosawelengeka, ankati ndi zipsela za misundu ya m'nkhalango za kumeneko. Kunkhondo anabwelako ndi chikhoti cha khaki, mamendulo ndi chifuwa chosatha, basi. Zimene azungu anawalonjeza zinathela m'malele, ndipo ufulu utabwela, anthu athu omwe anayamba kuwanena kuti anali agalu a atsamunda. Ana ankawatsata m'njila akuguba mowaseka, makolo ali pomwepo osawaletsa.

Maso ao atachita ng'ala, kuchipatala cha ku Minga anatiuza kuti tipite nao ku Lusaka. Apongozi aakazi anali atamwalila kale, ndiye wowapelekeza ndinali ine. Inu a kwathu mukudziwa mmene mkazi amakhalila ndi apongozi ake aamuna: sindinkakhala nao pamphasa imodzi, sindinkawayang'ana kumaso, sindinkawakhudza, ndipo dzina lao linali lisanatulukepo m'kamwa mwanga chikwatiwile. Poyenda, iwo ankagwila ndodo kumbuyo, ine kutsogolo. Paulendowo anavala chikhoti chao chija ndi mamendulo ake, chifukwa ndicho chinali chovala chao chaulemu, ndipo ankati sangakaonekele kwa adokotala ngati wopemphetsa.

Zinali zaka zija asilikali a ku Rhodesia ankalowa m'dziko muno n'kumaphulitsa milatho. Wailesi inkatiuza tsiku ndi tsiku kuti tizichenjela ndi alendo, ndipo anyamata achipani ankaima pamisika ndi pamasiteshoni kufunsa makhadi achipani. Mantha analipo ndithu, sindikukana. Koma kodi mantha amachotsa munthu maso oti aone kuti uyu ndi nkhalamba?

M'basi tinayenda bwino. Munali amai ena a mpingo wathu ochokela ku Petauke, ndipo tinaimba nyimbo za Mulungu mpaka kupitilila Nyimba, tikugawana mtedza ngati ana a mimba imodzi. Dzuwa lili pamutu tinaima pa Kacholola kuti anthu adye basi isanatsike mapili a ku Luangwa. Ndinawakhazika apongozi pamthunzi n'kupita kukawagulila tiyi ndi nthochi. Ndili kumeneko, iwo anamva munthu akudutsa, n'kumupatsa moni, n'kumufunsa kuti mlatho wa Luangwa uli kutali bwanji, komanso ngati pali asilikali oulondela. Ankangofunsa monga nkhalamba yokumbuka njila, poti anawoloka mtsinje umenewo pa lole popita kunkhondo. Koma amene anamufunsayo anali mnyamata wachipani. Anaona chikhoti cha khaki, anamva mawu oti mlatho, n'kuimba likhwelu.

Pamene ndinkabwelela, kapu ili m'manja, ndinapeza atawazungulila. Mtsogoleli wao anali kamnyamata kowonda kovala magalasi akuda, kamene sikakanafika ngakhale msinkhu wa mlongo wanga wotsiliza. Ankawafunsa kuti wawatuma ndani, apongozi n'kumayankha mwaulemu kuti akupita kuchipatala, akumutchula kuti mwana wanga. Mnyamatayo anati iye si mwana wa kazitape, n'kuwamenya mbama.

Apa ndiye pamene ndinaona chinthu chimene mpaka lelo chimandiimitsa tsitsi. Nkhalamba ija yoyenda chowelama inadzuka n'kuima njo, miyendo pamodzi, manja m'mbali, maso aja oyela akuyang'ana pamwamba pa mitu yathu. Ndipo ndi mawu aakulu amene ndinali ndisanawamvepo, anatchula dzina ndi nambala yaitali m'Chizungu. Dzinalo silinali lao. Linali la akulu ao, amene anamwalila ine ndisanakwatiwe, amene manda ao tinkalimila chaka ndi chaka. Akawafunsa kumene akuchokela, yankho linali dzina lomwelo ndi nambala yomweyo. Akawafunsa kumene abisa mabomba, chimodzimodzi. Ndinawaitana kuti apongozi, apongozi, koma munthu amene anaima pamenepo sankandidziwa. Ine ndinaganiza kuti mzimu wa wakufa wawalowa, kapu inagwa.

Ndinagwada pakati pa bwalolo n'kunena kuti amenewa ndi atate a amuna anga, ndi odwala maso, tachokela ku Kaumbwe. Wamagalasi uja anati ngati ndi zoona ndinene dzina lao. Abale anga, lilime linakana. Mukhoza kundiseka, koma chinthu chimene mwakhala zaka mukuchiopa sichituluka msanga ngakhale pa imfa. Anyamatawo, ana a kwathu konkuno odziwa bwino mwambo umenewu, anayamba kuseka kuti onani, sakumudziwa n'komwe. Ndinalitchula dzinalo, koyamba m'moyo wanga, pamaso pa eni ake ndi pa khamu la anthu. Ndipo m'malo mowapulumutsa ndinawamangilila, chifukwa dzina limene ndinanena ine linasiyana ndi limene ankafuula iwo. Pomwepo anagamula kuti tonse ndife akazitape, ndipo nambala ija ndi yolankhulila pa wailesi ndi adani.

Ndinawauza kuti chitupa cha boma cha apongozi chili m'sutikesi pamwamba pa basi. Kondakitala anati sangamasule zingwe chifukwa cha anthu awili, dilaiva akuliza hutala kuti tichedwa. Ndinayang'ana kumazenela kufuna amai aja tinkaimba nao. Mmodzi anatembenukila kumbali, wina ankakonza duku, wina ankatafuna chimanga chootcha akuonelela ngati kuli gule. Palibe ngakhale mmodzi amene anatsika kudzanena kuti anthu awa takwela nao ku Petauke. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo lija analambalala n'kupita, koma awa anakhala pampando kuti aone mmene zithele.

Kenako anyamatawo anati afufuze wailesi m'thupi mwa apongozi. Anawavula chikhoti, n'kuzula mamendulo, ndipo ataona mutu wa mfumu ya azungu pa mendulo anakuwa kuti umboni ndi umenewu. Anawavula malaya. Anawavula buluku. Munthu wa imvi, wobeleka amuna anga, anaima chomwecho pamsewu waukulu dzuwa likuswa mtengo. Ndinatembenuka msanga, koma ndinali nditaona kale m'nthiti mwao dzenje loti mungalowe chibakela cha mwana, ndi zipsela kumsana ngati munda wolimidwa ndi nguluwe. Mnyamata wina anatosa dzenjelo ndi kamtengo n'kufunsa anzake ngati wailesi imalowela pamenepo, ndipo anthu anaseka. Mayi wina wogulitsa vitumbuwa, wamsinkhu wa amai anga, anaseka mpaka kugwila m'mimba. Kuseka kumeneko ndimakukumbuka ngakhale lelo.

Ena anayamba kutola miyala, ena ankati akawaponye kuphompho. Mwala woyamba unawang'amba khutu, magazi n'kutsikila paphewa, iwo osagwedezeka, akungobweleza dzina ndi nambala. Ndinadziwa kuti akufa ndikuona, ndipo ndikafika ku Lusaka ndi ndodo yokha. Pemphelo silinabwele. Chimene chinabwela m'mutu mwanga ndi nkhani ya Nowa ali maliseche m'hema, ndi ana ake awili aja amene anatenga chofunda n'kuyenda chambuyo kuti asaone manyazi a atate ao. Ndinamasula chitenje m'chiuno, n'kuchigwila kumsana, n'kuyenda chambuyo mpaka ndinawagunda, ndipo ndinawakulunga nacho kuyambila m'khwapa, nkhope yanga ili kumbali.

Mwadzidzidzi phokoso linazilala. Ine ndinaganiza kuti manyazi awagwila, kapena Mzimu wawatsutsa m'mitima. Ayi ndithu. Chitenje chimenecho chinali chachipani, chija tinkavala amai paulendo kuti asativute panjila, ndipo nkhope ya mtsogoleli wa dziko inagwela pachifuwa penipeni pa apongozi. Mnyamata amene anali atakweza chibonga anaima nacho m'mwamba. Wamagalasi anakuwa kuti wina asaponye kanthu, achotse kaye nsaluyo. Koma achotse ndani? Aliyense ankaopa kuti mnzake akamunenela kuti anakoka nkhope ya mtsogoleli n'kuigwetsa m'fumbi, kapena kuipaka magazi. Anandilamula kuti ndichotse ndekha, ine ndinati manja anga achita kale ntchito yao, amene akufuna abwele achotse anthu onse akuona. Anayamba kukankhizana, wina kuloza mnzake, miyala ili m'manja.

Akukangana choncho, inaima lole ya asilikali athu opita ku Luangwa. Mkulu wao anatsika, n'kumvetsela zimene apongozi ankanena, n'kuseka kuti imeneyo ndi nambala ya usilikali wakale, ya madala aja a ku Burma. Analamula kondakitala kumasula katundu, ndipo chitupa chinapezeka ndi dzina limene ndinatchula ine. Mukuganiza kuti wina anamangidwa? Mkuluyo anauza anyamatawo kuti akugwila ntchito yabwino koma azionetsetsa, anapempha fodya kwa wamagalasi uja, n'kukwela lole. Zovala anatiponyela pansi. Mendulo imodzi inasowa, ndipo basi ikunyamuka ndinaiona ikunyezimila pa chipewa cha mnyamata amene anatosa bala uja.

Bambo wina wokalamba wa m'basi mwathu ndiye anaveka apongozi kuseli kwa basi. Titakwela, amai aja anayamba kundiuza kuti mitima yao inali nafe ndipo ankatipemphelela, wina n'kundipatsa nthochi. Posakhalitsa anayambitsa nyimbo yotamanda. Ine pakamwa panga panali powawa ngati ndatafuna ndulu.

Apongozi anabwelela m'thupi mwao titawoloka mtsinje. Anayamba kulankhula motsitsa, nkhope ili kuzenela, ngati akuuza mitengo. Anati pamene azungu anabwela kudzatenga amuna, dzina limene linaitanidwa linali la akulu ao, koma akazi a akuluwo anali ndi pakati, ndiye iwo anangoimilila n'kuyankha. Nkhondo yonse anamenya ndi dzina la akulu ao, analasidwa nalo, anaika anzao m'manda nalo. Kumeneko anawaphunzitsa kuti ukagwidwa ndi adani usanene kanthu koma dzina ndi nambala, ngakhale akudule zala. Ndipo anati Ajapani sanawagwilepo ngakhale tsiku limodzi, mawu amenewo anawasunga zaka zonsezi osawagwilitsa ntchito, mpaka lelo pamene awanena kwa ana a dziko lao lomwe.

Maso anawachiza ku Lusaka, koma titabwelela kumudzi sanathenso kukhala pabwalo limodzi ndi ine. Ndikabwela ndi madzi osamba ankalowa m'nyumba, ndikabweletsa chakudya ankadikila ndichoke. Sanandikwiyile ayi, ndi manyazi amene ankawadya, poti mpongozi wao anawatchula dzina ndipo anawafunditsa ali chomwecho. Mvula isanagwe anasamukila kwa alongo ao kumudzi wina, ndipo kumeneko ndi kumene anamwalilila, ine osawaonanso. Pa Kacholola sanawaphe ndi miyala, koma munthu amene ndinabwelela naye sanali uja ndinanyamuka naye.

Chimene ndimakhulupilila tsopano ndi ichi. Anyamata aja sanali zilombo zochokela kuthengo, anali ana obatizidwa, ena a iwo lelo amakhala kutsogolo m'matchalitchi. Anaopa nkhope yodindidwa pa nsalu ya m'sitolo, koma chifanizilo cha Mulungu chimene chinaima pamaso pao, chokalamba, chovulala, chosaona, anachitosa ndi kamtengo. Kupembedza mafano kumene aneneli ankadzudzula ndi kumeneku, ndipo sikunathe ndi ulamulilo wa chipani chimodzi. Ndiye ndikuchenjezani, inu achinyamata makamaka: mukamva likhwelu ndipo anthu akuthamangila kukazungulila munthu, musatole mwala chifukwa anzanu atola, ndipo musakhale pazenela kuonelela n'kumadzitcha osalakwa. Nkhalamba imene mukuiseka simukudziwa chimene inasenza kuti inu mubadwe, ndipo Woweluza sadzafunsa kuti anayamba ndani.

Ambuye akusungeni paulendo ndi pakhomo. Akupatseni miyendo yotsika m'basi mnzanu akazingidwa, ndi pakamwa ponena kuti uyu ndikumudziwa. Ndipo mukadzakalamba, mphamvu zitatha, asalole kuti mugwe m'manja mwa khamu, koma akufunditseni Iye mwini ndi chifundo chake. Amen.