Dzenje Limene Sindinaloze

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mayi atatopa nane. Kwathu ku Chimwankhunda ndinkadziwika kuti ndine mwana wosakhazikika. Akandituma kumpopi ndinkabwerera njira ya kudamu, akandituma kugolosale ndinkapezeka ndafika ku Zingwangwa. M'tchalitchi miyendo inkangogwedera pansi pa benchi mpaka mayi kunditsina. Ankati, "Teleza, kodi pamene umakhalapo pamamera minga?" Tsiku lina anangonditenga n'kukandipereka kwa alongo awo, malume anga a Bonifasi, n'kuwauza kuti achite chilichonse bola ndizibwera kunyumba nditatopa.

Malume ankakonza makina pafakitale ina ku Ginnery Corner, koma mtima wawo unali panjinga. Sindikunena njinga zonyamulira makala zija ayi. Zawo zinali zopepuka, zamatayala opyapyala ngati chala, mahandulo opindikira pansi. Ankazigula zakufa pakaunjika ku Limbe n'kumazidzutsa okha pakhonde. Ankakonda kunena kuti bambo awo anachoka ku Mozambique wapansi, katundu ali pamutu, choncho banja lathu linayenda kale mokwanira, chatsala n'kupalasa. Loweruka lililonse m'mawa ankapalasa ndi mnzawo Che Saidi, dalaivala wa lole amene ankakhala kuseri kwa nyumba yathu. Che Saidi anali ndi mwana wamkazi, Asiyatu, mnzanga wa m'kalasi. Atamva kuti ine ndayamba kupalasa, Asiyatu analirira bambo ake masabata awiri mpaka anamulola.

Amene sanalole ndi mtima wonse anali mayi ake. Tsiku loyamba anaima pachipata, manja ali m'chiuno, n'kuuza amuna awo ife tikumva.

"Bambo a Asiyatu, ameneyutu ndi mwana wamkazi. Tsiku limene mudzabwere naye ali ndi bala, za njinga zathera pomwepo. Musadzandinyengerere."

Che Saidi anaseka, n'kulonjeza kuti mwanayo sadzakandika ngakhale ndi udzu. Asiyatu sanaseke nawo. Ankawadziwa mayi ake kuti akanena anena, sabweza mawu.

Njira yathu inkayambira m'mbali mwa damu la Chimwankhunda, madzi akufuka nthunzi, amayi akuyamba kumene kuchapa. Tinkakwera chikweza phiri la Soche lili pambali pathu, n'kukalowa msewu wodutsa m'nkhalango ya boma ya Kanjedza. Masiku amenewo mitengo ya bulugama inali yothithikana moti dzuwa linkafika pamsewu m'timadontho. Munkanunkhira masamba onyowa, ndipo mukangolowamo phokoso la maminibasi linkatsalira kumbuyo, n'kumangomva tcheni ndi mpweya wako. Kutsogolo kunali mtsetse wautali wokhotakhota, ndipo kumunsi kwake madzi a damu lina ankanyezimira pakati pa mitengo. Ineyo sabata yonse ndinkangoganiza za mtsetse umenewo. Aphunzitsi akulemba pabolodi, mapazi anga ankapalasa pansi pa desiki.

Asiyatu naye njinga inamulowa m'magazi, mwina kuposa ine. Kwawo anali woyamba kubadwa, ndiye kuyambira m'mawa mpaka madzulo kunali "Asiyatu tunga madzi, Asiyatu bereka mwana." Anandiuza kuti panjinga pokha m'pamene palibe womutuma. Ankavala thalauzi mkati mwa siketi, mpango n'kuumanga zolimba, ndipo pachikweza pamene ine ndinkapuma mwawefuwefu, iye ankaimba. Zimenezo zinkandiwawa, ndisaname.

Kapalasidwe kathu kanali ndi lamulo. Tinkayenda pamzere, tayala pafupi ndi tayala, kuti wotsogola aziphwanya mphepo ndipo am'mbuyo azipalasa mopepuka. Koma ukayandikira chotero suona msewu, umangoona msana wa mnzako. N'chifukwa chake wotsogola akaona dzenje, mchenga kapena botolo losweka, ankachotsa dzanja pahandulo n'kuloza pansi mbali imene kuli chinthucho. Wachiwiri ankalozanso, mpaka uthenga kufika kwa womaliza. Malume ankabwereza mawu amodzimodzi Loweruka lililonse mpaka ndinatopa nawo: "Wotsogola ndiye maso a onse."

Miyezi itatu yathunthu wotsogola anali Che Saidi, kenako Asiyatu, kenako ine, malume kumapeto. Miyezi itatu ndikuyang'ana nsonga ya mpango wa Asiyatu ikuuluzika! Ndinkapsa mtima. Ndinkaona ngati miyendo yanga aimanga ndi chingwe, ndipo pamtsetse ndinkagwira mabuleki ndikutukwana chamumtima. Tikapuma ndinkawavutitsa malume kuti anditsogoze. Ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ine n'kumati mumtima, nkhono ndi maso akewo ndizitani nazo.

Tsiku langa linafika mwezi wa Juni, chiperoni chitangosiya, msewu udakali wonyowa m'mithunzi. Titafika pamwamba pa mtsetse malume anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Lero utsogole. Ukaona chinthu utani?"

"Ndiloze, malume."

"Ndipo liwiro lako lisapitirire pamene ungathe kuchotsa dzanja. Likakukulira, am'mbuyowa wawatseka maso. Wamva?"

Ndinavomera, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Asiyatu anakhala pambuyo panga, kenako bambo ake, malume kumapeto monga mwa masiku onse.

Abale, kutsogola n'kokoma. Msewu wonse unali wanga, wopanda msana wa munthu. Mphepo inkandiliza misozi, mitengo inkangoti psiti psiti m'mbali. Pokhota poyamba ndinaloza kamulu ka mchenga bwinobwino. Kenako ndinaganiza zoti Asiyatu aone lero kuti kuimba pachikweza si kanthu, mwini mtsetse ndine. Ndinachotsa zala pamabuleki, n'kuweramira pahandulo, n'kupalasa ndi mphamvu zanga zonse.

Dzenjelo ndinaliona. Ndikulemba mawu amenewa poyera chifukwa kunena zoona kunanditengera nthawi. Linali mumthunzi, kumanzere, lodzaza madzi ndi masamba a bulugama. Ndinaliona lidakali patali ndithu. Koma njinga inali ikunjenjemera ndi liwiro, ndipo ndinaopa kuchotsa dzanja. Ndikanatha kufinya mabuleki pang'onopang'ono kenako n'kuloza. Ndikanatha kukuwa. Nthawi inalipo. Koma kuchepetsa liwiro kukanatanthauza kuti Asiyatu andipeza, ndiye ndinadzinamiza kuti watsalira kutali ndipo aliona yekha. Ndinapendeketsa njinga, n'kulilambalala dzenjelo, n'kupitirira.

Asiyatu sanali kutali. Anali pa tayala langa penipeni, monga anatiphunzitsira.

Ndinamva khu! kenako chitsulo chikukhwekhwereza paphula. Pamene ndinkaima n'kubwerera, n'kuti Che Saidi atagwada pamsewu atamunyamula mwana wawo. Tayala lakutsogolo linali litapindika. Bondo linali litasupuka, mlomo utang'ambika, magazi ali chuchuchu pamalaya. Atatsegula pakamwa tinaona kuti dzino lakutsogolo labenthuka theka. Koma Asiyatu sankalirira ululu. Ankagwira mkono wa bambo ake n'kumati, "Baba, musakawauze amayi. Ndivala siketi yaitali, saona." Che Saidi anayang'ana dzinolo. Bondo limabisika, koma dzino ungalibise bwanji?

Malume anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu, "Unaliona dzenje lija?"

"Ayi malume, sindinalione."

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'ono. Ndiye Asiyatu, pakamwa pali magazi, anati, "Musamukalipire Teleza. Wopusa ndine, sindimayang'ana." Mawu amenewo anandilasa kuposa chikwapu chilichonse chimene ndinalandirapo.

Madzulo a tsikulo njinga ya Asiyatu inakolekedwa pakhoma kuseri kwa nyumba yawo. Sabata imene inatsatira sindinaione bwino. Ndinali wosakhazikika kale, koma uku kunali kusakhazikika kwina. Chakudya chinkandikanika. Ndikakhala ndinkafuna kuima, ndikaima ndinkafuna kuthawa. Kusukulu Asiyatu ankalankhula ataphimba pakamwa ndi mpango, anyamata akumuseka, koma pa buleki ankandigawirabe zitumbuwa zake monga kale. Ndinkazilandira. Ndinkachita manyazi, komanso ndinkaopa kuti ndikaulula malume andilanda njinga.

Loweruka lotsatira malume anandidzutsa kuti tipite awiriwiri. Che Saidi sanabwere. Titafika pamwamba pa mtsetse uja malume anaima n'kundiuza:

"Ukhale pambuyo panga. Tayala lako pafupi ndi langa, usasiye mpata."

Tinayamba kutsika. Sankathamanga kwambiri, koma ndinazindikira msanga kuti manja awo sakuchoka pahandulo. Tinadutsa mchenga uja, ndinangoumva tayala likuterereka, iwo osaloza. Tinadutsa nthambi yogwa, osaloza. Patsogolo panga panali malaya awo otuwa basi, ndi thukuta lojambula pamsana. Ndinkadziwa kuti dzenje lija lili penapake kutsogoloku, likudikira, koma pati? Pokhota apa kapena potsatira? Ndinayamba kuona dzino langa lili pamsewu. Ndinafinya mabuleki n'kuima, n'kuyamba kulira mokweza ngati kamwana.

Malume anabwerera akukankha njinga. Tinali tisanafike n'komwe padzenjepo.

"Waimiranji?"

"Simukuloza, malume! Ine sindikuona kanthu!"

"Mnzako sanaime," anatero. "Anakukhulupirira mpaka kukalowa m'dzenje." Kenako anapitiriza. "Tsiku lija ine ndinali kumbuyo, Teleza. Ndinakuona ukulilambalala. Munthu salambalala chimene sanachione."

Sanandimenye, ndipo njinga sanandilande. Anangoti kuthamanga ndi chibwana, chimatha, koma kumusiya mnzanga akudziyesa wopusa pamlandu wanga ndi nkhani ina, ndipo imeneyo sangandikonzere ndi sipanala. Tinabwerera kunyumba wapansi mbali yaikulu ya njira.

Masana omwewo ndinapita kwa Asiyatu. Ndinapeza mayi ake akusankha mpunga pakhonde, iye ali pambali akuwathandiza. Ndinagwada n'kunena zonse, kuti dzenje ndinaliona, kuti sindinaloze chifukwa ndinkafuna kumusiya m'mbuyo, kuti ndinawanamiza malume. Mumtima ndinali ndi chiyembekezo chachibwana. Ndinkaganiza kuti akadziwa kuti wolakwa ndine, njinga ija itsika pakhoma.

"Mayi, chonde mulangeni wolakwa. Asiyatu amapalasa bwino kuposa ine. Muloleni abwerere."

Anaika lichero pansi n'kundiyang'ana, osati mwaukali.

"Wachita bwino kunena, mwanawe. Koma ine sindinati akadzagwa mwa kupusa kwake. Ndinati akadzabwera ndi bala. Bala lija ulikuliona?"

Ndinalikuliona. Asiyatu anachotsa mpango pakamwa, koyamba sabata yonseyo, n'kundiuza mawu amene ndimawamvabe mpaka lero: "Ine msewu sindimauyang'ana, Teleza. Ndimayang'ana dzanja lako." Anatola lichero n'kulowa m'nyumba. Teremu yonse sanandilankhule. Njinga ija inakhala pakhoma mpaka inachita dzimbiri, kenako anaipereka kwa msuweni wake wa ku Bangwe. Asiyatu sanakwerenso njinga, ndipo chimene ndinamulanda sichinali dzino lokha. Ndinamulanda malo okhawo amene kunalibe womutuma.

Papita zaka zambiri. Malume anatisiya, nkhalango ija yapyapyala, ndipo pamene panali mitengo ina pali nyumba. Ine ndimagwira ntchito muofesi ku Mandala, ndipo mpando umandiwotchabe monga kale. Loweruka ndimapalasabe. Anzanga amandiseka kuti ndimaloza ngakhale chitsononkho cha chimanga, ndipo amene anandionapo ndikupalasa ndekha amati dzanja langa limatsikabe kuloza maenje kumbuyo kulibe munthu. N'zoona. Limatsika lokha.

Ine ndi Asiyatu tinagwirizananso pang'onopang'ono. Lero ali ndi shopu ya nsalu ku Limbe, ndipo dzino lija anakana kukalikonzetsa. Chaka chatha anafika kunyumba kwanga m'mawa wa Loweruka, akukoka mwana wake wamkazi, Mariamu, mtsikana wamaso osakhazikika amene ankangopondaponda pansi.

"Uyu wandisowetsa mtendere, akuti akufuna njinga. Umutenge. Azikhala pambuyo pako."

Ndinamufunsa ngati akundikhulupiriradi ine, mwa anthu onse.

Anaseka, dzino lobenthuka lili poyera. "Mu Blantyre muno mulibe munthu woloza maenje kuposa iwe. Ndikudziwa, sukulu yakoyo ndinalipira ndine."

Ndili mwana ndinkayesa kuti kutsogola ndi kukhala ndi msewu wonse wekha. Tsopano ndikudziwa kuti wotsogola ndiye amene alibe ufulu, chifukwa maso ake si ake okha, ndipo liwiro lake liyenera kuthera pamene dzanja lingathe kuchoka pahandulo. Ndinaphunziranso kuti kupepesa kumatsuka mtima koma sikumeretsa dzino. M'mawa umenewo tinatsika mtsetse wa Kanjedza pang'onopang'ono kuposa masiku onse. Dzenje lija analikwirira kalekale, pangotsala chigamba chakuda cha phula. Titafika pamenepo dzanja langa linatsika n'kuloza, ndipo nditacheuka ndinaona kadzanja ka Mariamu nako kakuloza pansi, ngakhale kumbuyo kwake kunalibe wina aliyense.