Chala cha Linily

Linily Phiri anabadwira pa esiteti ya fodya cha kumalire a Kasungu, kwa makolo omwe anali matenanti. Asanadziwe kulemba dzina lake anali atadziwa kale kusoka fodya. Ine ndinamudziwira pa Manyamula, pomwe ndimagulitsa mayunitsi ndi kutchajira anthu mafoni. Ndinabwera kuno ndi amuna anga, aphunzitsi, kuchokera ku Dedza, ndiye nditamva mtsikana akutsatsa tomato m'Chichewa pakati pa Chitumbuka chokhachokha, ndinangomutenga ngati m'bale wanga.

Anamubweretsa kuno ndi Maclean Tembo, mnyamata wa pakamwa potsekemera yemwe ankagula fodya panjinga. Anamuthawitsa kwawo, zomwe kuno amati kusomphola. Mimba itangoyamba kuoneka, Maclean anakwera basi ya ku Joni monga achitira anyamata ambiri a kuno. Anamusiyira munda ndi mayi ake odwala miyendo, a NyaShaba.

Mwana anabadwa, dzina lake Yewo, nakula mpaka kuyamba sukulu, bambo ake akungowamvera pafoni. Linily analima, anaumba njerwa, anazitentha, anatunga madzi a amisiri. Maclean anatumiza malata ndi masofa. Anthu podutsa pamsewu ankaloza nyumbayo nati, "Maclean wamanga." Zala za Linily zinakakala, mfundo zake zinakula ngati za nzimbe, koma palibe ankazilozako.

Iye sankadandaula za ntchito. Chomwe chinkamudya mtima ndi ukwati wosadalitsa. Kutchalitchi, nthawi ya mgonero ikafika, ankatuluka pamodzi ndi ana. Anzake atavala zoyera za Umanyano, bungwe la amayi, iye ankangowasungira makanda panja. Apongozi ake nawo sankatopa kumukumbutsa: "Iwe mkamwana, pano unalowera kuseri."

Tsono chaka china Maclean anaimba. Akubwera mu Okutobala kudzachita chinkhoswe chamakono, cha mphete ya dayamondi, ukwati wa kutchalitchi pa Khirisimasi. Poti Linily anali ndi kafoni ka mabatani, zithunzi za mphete zinabwera pafoni yanga kuti asankhe.

Anakhala pabenchi langa tsiku lonse, tomato akupsa ndi dzuwa. Panali mwala wozungulira ngati nandolo, wina wa makona anayi, wina wosongoka uku ndi uku ngati nthangala ya dzungu, wina ngati dontho la madzi. Ankakulitsa chithunzi chilichonse mwamantha, ngati achithyola. Pomaliza analoza kozungulira kakang'ono, kosatumphuka, ati miyala ina ija izing'amba masamba posoka fodya.

Maclean anaseka pafoni. "Iwe NyaPhiri, ukufuna anthu aziti ku Joni ndinkasesa misewu? Sankha waukulu, woti aonere patali."

"Ndiye wa dontho uja, bambo a Yewo," anatero Linily, akunditsina ntchafu ndi chimwemwe.

Ine ndinamuuza kuti ayeze chala. Anazunguliza kachingwe ka fodya, nadula, kuti akapatse Justus, wa thiraki yemwe amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Mzimba. Maclean anakana. "Sitolo za kuno sayezera zingwe za m'chigafa. Dzanja la mkazi wanga ndikulidziwa ine."

Ankalidziwadi, koma la mtsikana uja anamusiya ndi mimba.

Chinkhoswe chinali cha mtima bii. Jenereta, zimbale, wojambula wochokera ku Boma. Maclean anagwada pamaso pa mkazi wake monga anaonera ku Joni, madoda a Chingoni n'kuyang'ana kumbali ndi manyazi. Anatsegula kabokosi. Kaya anali dayamondi weniweni kaya galasi, ine sindidziwa, koma anawala. Mphete inalowa, n'kuima pamfundo. Anakankha. Inakana. Anthu anayamba kunong'onezana, Maclean thukuta lili kamukamu. Kenaka anatenga chimkuzamawu.

"Pepani chomene, abale. Ine ndinasiya zala pano, ndapeza chinangwa!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwirana. A NyaShaba anaseka mpaka kutsokomola. Ine magazi anawira. Chinangwa chimenecho ndi chomwe chinaumba khonde lomwe iyeyo anaimapo ndi nsapato zake zosongoka.

Linily naye anaseka, poti akanatani? Anazemba n'kupita kuseri kwa khitchini. Ndinamutsatira, ndinamupeza atapaka sopo ndi mafuta ophikira, chala atachitsamiritsa pamtondo, akukankha ndi dzanja linalo, mano ali gwa. Mphete inadumpha mfundo, khungu n'kusupuka. Anapukuta magazi pachitenje chamkati, nabwerera dzanja lili m'mwamba. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Kutacha chala chinali chitatupa. Ndinati tipite kuchipatala akaidule mpheteyo. Maclean anamva.

"Amama a mayunitsi, za pabanja langa zisiyeni. Iwe NyaPhiri, mphete iyo ituluke yathunthu, ndikaikulitse ku Joni. Ikangokandika, mbwenu ukwati palibe."

Ndiye Linily anayesa zonse. Ulusi, sopo, madzi ozizira a m'mtsuko. Apongozi ake anamutema mphini kuti magazi oipa atuluke, napakapo zakudazakuda. Iye anakulunga kansanza n'kumapitabe kudimba kukathirira nazale ya fodya, poti mu Okutobala nazale siidikira munthu. Ndikamufunsa ankati kwayamba kuphwa, ululu wasiya. Unasiyadi, chifukwa chalacho chinali chitaleka kumva. Pamsika Linily anayamba kundizemba. Ndinadziwa ndi fungo tsiku lomwe anabwera kudzatchaja foni.

Ndinamukweza galimoto ya matola mokakamiza mpaka ku Boma. Namwino, mayi wa ku Zomba, atamasula kansanza kaja anagwira pakamwa. "Mayi, masiku onsewa munali kuti?" Chala chinali chakuda bii. Adokotala anati palibe chopulumutsa, akachisiya chitenga dzanja lonse.

Akumulowetsa, Linily anagwira malaya a namwino uja. "Ndapota, mphete musaiwononge."

Sanaiwononge. Chala chitachoka, mphete inatuluka yokha. Anaitsuka naiika m'kapepala ka mapiritsi.

Maclean anabwera nthawi yoona odwala, atanyamula fanta ndi mabanzi. Asanakhale n'komwe anafunsa za mphete. Anaitulutsa m'kapepala, naiyang'ana pawindo, naipukuta pamalaya.

"Bola sinakandike," anatero. Kenaka anayang'ana bandeji. "Tsono pa ukwati ndidzaveka pati?"

Linily anatambasula dzanja lamanja. "Kuno kulipo, bambo a Yewo."

"Nanga zithunzi? Anzanga ku Joni adzati chiyani?"

Ndinatuluka panja kuopa kumuswa botolo la fanta lija pamutu. Munthu ameneyo ndimadana naye, ndipo sindibisa.

Ananyamuka mvula isanagwe, mphete ili m'thumba, ati akaikulitse. Linily anaoka fodya ndi dzanja la bandeji. Khirisimasi inafika, inapita. Pafoni Maclean ankangoti asitolo akuchedwetsa. Linily anali atagula kale nsalu yoyera, ataisunga pansi pa matiresi. Ine ndinamuuza kuti amuna akewo angowaiwala, abwerere kwawo. Anati kwawo n'kuti, poti esiteti ija inatsekedwa kalekale, ndipo agogo a Yewo awasambitse ndani?

Nkhani inabwera ndi Justus nthawi yosoka fodya. Anaima pabenchi langa kugula mayunitsi, osadziwa kuti mayi wakhala pambali ndi beseni la tomato ndi ndani. Anati ku Joni kunali phwando la Maclean. Mphete ya dayamondi, mwala ngati dontho la madzi. Wavala mtsikana wa ku Engutwini, wogwira ntchito mu saluni.

Ndinamuponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale.

Linily anafunsa mwaulemu. "Anaikulitsa, adada?"

"Yayi, amama. Inangolowa ngati anamuyeza."

"Yamukhala bwino?"

"Chomene."

Linily anagwedeza mutu. Anayamba kuunjika tomato wake pathumba, milu ya anayianayi, akugwira ndi zala zotsalazo.

"Mwala umenewo ndinasankha ndine," anatero.