Chithunzi cha Chipinda Chathu cha ku Jeppe

Ntchito yanga ku Joni ndi yojambula nyumba. Kampani ina ya ku Rosebank, yopezera anthu nyumba za lendi, imandituma ndi kamera kukajambula zipinda zopanda anthu kuti zithunzizo ziikidwe pa intaneti. Kumudzi ndinaphunzira zauphunzitsi kukoleji, koma satifiketi yangayo kuno palibe anaifunsapo. Amene anandiphunzitsa kujambula ndi mkulu wina wa ku Chipata, yemwe wakhala pakampanipo zaka zambiri. Amanditchula kuti aphunzitsi akafuna kundiseka, ndiye kuti tsiku lililonse.

Vuto lojambula m'nyumba ndi zenera. Ukafuna kuti chipinda chioneke, zenera limangoyera mbee. Ukafuna kuti zakunja zioneke, chipinda chimada bii. Kamera yathu ili ndi njira yothetsera vutoli, yolembedwa kuti HDR. Ukadina kamodzi imajambula katatu motsatizana, chithunzi chakuda, chapakati ndi chowala, kenako imaziphatikiza yokha kukhala chimodzi. Mphamvu yake ili m'magawo atatu. Mkulu uja ankalola gawo loyamba lokha.

"Wani ni zoona, thu ni mafuta odzola, fili ni boza," anandiuza sabata yanga yoyamba. "Mukaika pa fili, aphunzitsi, na chimbudzi cha ku hositelo chioneka monga hotela."

Anandisonyezanso pozindikirira. Pa fili, makoma amataya mithunzi, ngodya za chipinda zimasowa, ndipo kuzungulira zenera kumabwera mzere wotuwa ngati mphete. Iye ankati zenera likavala mphete, wojambulayo ali ndi chobisa.

Ine ndi mkazi wanga tinkakhala ku Jeppe, m'chipinda chapansi, kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Zenera linali limodzi, loyang'anizana ndi khoma la nyumba ina. Dzuwa silinkalowa. Masana khoma lakunjalo linkawala kwa kanthawi, basi. Khoma la kumutu kwa bedi lathu linali lonyowa chaka chonse, lodzaza nguwi zakuda. Mkazi wanga ankalikwecha Loweruka lililonse, nguwizo n'kumabwerera lisanafike Lachitatu. Atatopa, anakhomapo chitenje chabuluu chimene mayi ake anamupatsa paukwati wathu. Anayamba kutsokomola kutangoyamba kuzizira, ndipo nyengo yozizirayo isanathe anamwalira ndi chibayo. Adokotala sanatchule za khoma. Inenso sindinawafunse.

Tinakamuika kwawo. Mwambo wosudzula utachitika, ndinapereka kwa akuchikazi masutikesi awiri a katundu wake. Chitenje chija sichinalimo. Polongedza ndinachiona, ndinagwira msomali umodzi, n'kuchisiya. Sindinafune kuona khomalo.

Nditabwerera ku Joni, chipindacho chinandikanika. Ndinkafika pakhomo n'kuima ndi kiyi m'manja. Alandilodi anati ndikapeza wolowamo ndikhoza kutuluka tsiku lomwelo. "Si uli ndi kamera iwe? Jambula, uike pagulu la anthu akwanu."

Ndinajambula Loweruka masana, panthawi imene khoma lakunja limawala. Ndinayamba ndi wani. Chipinda chinaoneka monga chinalili, chamdima, chopanikiza. Ndinaika pa thu. Kenako ndinaika pa fili. Chimene chinatuluka pagalasi la kamera chinali chipinda chimene mkazi wanga sanakhalemo. Makoma anayera, pansi pankanyezimira, chitenje chinawala ngati chokongoletsera. Kunsi kwake, pomwe nguwi zinkasuzumira, panangotsala kamthunzi kotuwa koti munthu sangakafunse. Mphete kuzungulira zenera ndinaiona bwinobwino. Ndinatumiza chithunzicho pagulu la pafoni la Amalawi a m'dera lathu.

Madzulo omwewo anaimba foni bambo wina wa ku Machinga, telala wa m'kashopu ka pafupi pomwepo. Anabwera Lamlungu, ali pachangu. Ndinasiya chitseko chotsegula, getsi loyaka. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuyang'ananso pafoni yake, ngati akukhulupirira foniyo kuposa maso ake.

"Chithunzichi ndatumiza kale kumudzi, achimwene," anatero akumwetulira. "Mlamu wanu wachikonda. Akuti asoka makatani abuluu kuti zifanane. Akwera basi mwezi uno ndi kamwana kathu, ka miyezi isanu." Kenako anafunsa: "Koma dzuwa limalowa eti?"

"Mwaona pachithunzipo," ndinayankha.

Mawu amenewo ndawatembenuza kambirimbiri. Mulibe bodza loti munthu angaliloze. Ndinawasankha mosamala monga ndinkasankhira mafunso a mayeso. Anafunsanso chifukwa chimene ndikusamukira. Ndinati ndikufuna kuyandikira kuntchito. Za chitenje ndinati chikhale kaye, ndidzachitenga.

Ndinasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina, kwa mnzanga wa kutchalitchi. Patapita masabata atatu, mkulu wa ku Chipata ankachotsa zithunzi zakale m'kamera ya kampani, tili m'galimoto kudikira makiyi a nyumba ina ku Rosebank. Ndinali nditaiwala kufufuta zithunzi za chipinda chija. Anaima pachithunzi cha pa fili nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, iyi nyumba ni ya kasitomala uti?"

Ndinati ndi chipinda changa chakale.

"Chija munadwaziramo amai?" Anakuza chithunzicho ndi zala mpaka mphete inadzaza galasi lonse. Anabweza m'mbuyo n'kupeza cha pa wani, kenako cha pa thu. Zonse zitatu zinali pamzere, monga ndinazijambulira. "Manje alowamo ndani?"

Ndinamuuza. Nditafika pa mwana, anazimitsa kamera n'kuiika pamiyendo pake. Ndinadikira kuti andiseke kapena andikalipire. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Tsiku lonselo sananditchule kuti aphunzitsi. Ankangoti, "Gwirani apa," "Tsegulani katani."

Komabe sindinapite ku Jeppe. Amene anandipititsako ndi apongozi anga aakazi. Anaimba foni Lachisanu, nalankhula mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Anati pogawa zovala za malemu apeza kuti chitenje chabuluu palibe, ndipo akuchifuna iwo eni, poti anachisankha okha. Ndinati ndichitumiza ndi a mabasi. Nditadula foni ndinazindikira kuti chitenjecho sichingachoke pakhomapo popanda ine kuima pamaso pa anthu aja.

Ndinapita Lamlungu masana. Telala uja anandilandira ndi manja awiri. Mkazi wake, mayi wachichepere wofunda mpango kumutu, anandigwadira n'kupita kukateleka tiyi. Pazenera panali makatani abuluu. Bedi linali malo omwe aja, ndipo mwana anagona kumutu, kamutu kake katatsala pang'ono kukhudza chitenje. Fungo la chinyontho linandilandira ngati wachibale.

Ndinati ndabwera kudzatenga chitenje. Kenako ndinati, "Alamu, tamunyamulani kaye mwanayo."

Ndinazula misomali inayi. Nguwi zinali zitakwera kuposa pomwe ndinazisiya, ndipo kumbuyo kwa chitenje kunali mawangamawanga. Ndinalankhula nditayang'ana khoma. Ndinati mkazi wanga ankagona mbali imeneyi, kuti anatsokomola miyezi iwiri, kuti anamwalira, kuti sindikudziwa ngati ndi khomali koma sindingalumbire kuti si ilo. Ndinati chithunzi chija ndinachijambula mwadala kuti izi zisaoneke.

Telala anakhala pansi pampando. Mkazi wake ndiye anayankha, mwana ali paphewa.

"Ine ndinavundukula chitenjecho tsiku lomwe ndinafika. Mphuno sinama. Ndinawauza awa, iwo akuti ku Joni nyumba zonse n'zotere." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Si ndinanena? Inu busy ndi foni." Kenako kwa ine, mosakweza mawu: "Za malirozo ndiye sitimadziwa. Pepani. Koma mukanatiuza ndili kumudzi, bambo. Kwathu nyumba ndi yaudzu, koma ndi youma."

Tiyi anabwera, ndipo ndinamwa, chifukwa kukana kukanakhala chipongwe chachiwiri. Tisanatsanzikane, ine ndi telala tinakokera bedi pakati pa chipinda, kutali ndi khoma, ngakhale kuti chitseko sichinkatsegukanso chonse. Ndinajambula khomalo ndi foni yanga, kamodzi, popanda chokometsera chilichonse, kuti tikaonetse alandilodi. Iwo anatumiza munthu ndi chitini cha penti. Nguwi zinabowola pentiyo mwezi usanathe.

Ndinayenda ndi telala ndi mkazi wake Loweruka lililonse kufunafuna chipinda china, ine patsogolo kugwira makoma ndi chikhatho. Tinachipeza patatha milungu isanu ndi iwiri, pamwamba pa shopu ya matayala, chaphokoso koma cholowa dzuwa. M'milungu imeneyo mwana anadwala chifuwa kamodzi. Anachira. Sindinafunse adokotala kuti chinayamba bwanji, ndipo nthawi ino telala nayenso sanafunse, mwina pondisungira ulemu. Tikakumana mumsewu amandipatsabe moni ndi manja awiri, n'kundifunsa ngati ndadya.

Chitenje ndinachichapa katatu ndisanachitumize. Mawanga sanachoke onse. Apongozi anaimba kuthokoza, ndipo sanafunse kuti mawangawo ndi a chiyani.

Chithunzi cha pa fili chija chili m'foni ya alandilodi, poti ndinawatumizira tsiku lomwe ndinachijambula. Ndinawapempha kuti achifufute, iwo anaseka n'kunena kuti m'moyo wawo sanaonepo chipinda chawo chikukongola chotero. Chipindacho chikatsala chopanda munthu, amatuma Mmalawi wina kukachiponya pagulu lathu lija, ndi chitenje cha mkazi wanga chikuwala pakhoma. Chachitika kawiri tsopano. Kawiri konseko ndaika pansi pake chithunzi cha khoma lopanda chitenje, ndi mawu akuti zithunzi zonse ziwiri ndinajambula ndine.