Zitsulo zafika, koma mwana wakula

Abale anga owerenga, sabata ino ndikulemba msana ukundiwawa ndipo mtima sunakhale pansi. Mawu akapanda kuyenda bwino mundikhululukire.

Amene mumawerenga tsamba lino kawirikawiri mukumudziwa Tiyamike, mwana wanga wachitatu. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo miyendo yake ndi yofooka chibadwire. Akavala zitsulo zogwira miyendo, zija zimayambira m'ntchafu mpaka kunsapato, amayenda yekha ndi ndodo ziwiri mpaka kusukulu. Zakale zinamuchepera. Kuyambira chaka chatha ndimamubereka m'mawa kupita naye kukalasi, masana ndimasiya khasu kukamutenga. Tsiku limene msana wakana, iyenso sukulu palibe. Aphunzitsi anandiuza mwaulemu kuti akapitiriza kujomba chonchi abwereza Sitandade 2.

Ndiye Lolemba kunabwera uthenga kuti zitsulo zatsopano zafika kuchipatala chaching'ono kumene timasonkhana ndi ana aulumali a kuno ku Nsaru. Ndinagwada pakhonde pomwepo kuthokoza Mulungu. M'mawa mwake Tiyamike anakakamira kuvala diresi yake ya kutchalitchi, ati pobwerera atsikire kabaza pamsewu, alowe m'mudzi akuyenda yekha anzake akuona.

Amene amayeza ana ndi bambo wina wochokera m'tauni, a Mbewe, munthu wa imvi, wofatsa. Anatulutsa zitsulozo m'thumba, zonyezimira, malamba ake achikopa chofewa, dzina la mwana wanga lili papepala lomata. Anamukhazika pabenchi n'kuyamba kumuveka. Kenako analekeza, malamba asanamange.

Popindikira pa chitsulo, pamene payenera kulingana ndi bondo, panathera mmunsi mwa bondo. Nsapato inakana chidendene.

"Mangani basi adokotala, sizikupweteka," anatero Tiyamike. Ndinamuona akupinda zala zakuphazi kuti phazi lilowe.

"Iyayi mwana wanga," anayankha a Mbewe. "Ndikakumanga izi, lisanafike Lamlungu uli ndi zilonda. Chilonda cha pamwendo ngati wakowu sichipola msanga."

Mayi wina wa ku Phalombe, amene ali pa utenanti pa esiteti ina ya fodya, anandigunda ndi chigongono. "Inu amake mwana, mumamudyetsa chiyani ameneyu? Feteleza wokulitsa?"

Tinaseka mzere wonse. Ngakhale Tiyamike anaseka, misozi ili lengelenge.

Anamuyeza chaka chatha tikukumba mtedza. Chaka chino takumba mtedza wina, tasenda, ena agulitsa kale. Ndinafunsa kuti kodi chitsulo chimatenga chaka kupinda? A Mbewe anati ayi, ndi ntchito ya masiku ochepa. Chimene chasintha ndi katulukidwe ka ndalama.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, za bajeti sindizidziwa, koma mmene ndinamvera ndi motere. Kale ndalama zothandizira ana ngati wanga zinkapita molunjika kwa opanga zitsulo. Akayeza mwezi uno, mwezi wamawa mwana wavala. Tsopano zimayamba zalowa m'thumba limodzi ndi ndalama za zinthu zina, ndipo zimatuluka m'magawo. Gawo loyamba limakwanira mafuta a galimoto yobwera kudzayeza. Gawo lachiwiri, logulira chitsulo ndi chikopa, silituluka mpaka mapepala a gawo loyambalo ataonedwa ndi kusayinidwa kumaofesi. Likatuluka mochedwa, mitengo yakwera, ana ena amatsalira chaka chinacho.

Akuti akuluakulu a kumaofesi anakonza chonchi pofuna kuti ndalama zisamasowere m'njira. Zimenezo sinditsutsa. Ndalama ya mwana wolumala ikabedwa ndi tchimo lalikulu pamaso pa Mulungu, ndipo amene akuitchinjiriza ndikuwathokoza. Ndikuthokozanso kuti zitsulo timalandira ulere. Ine ngakhale lamba mmodzi wa pamenepo sindingamukwanitse.

Koma akuluakulu anga, desiki ikachedwa chaka imafika ili desiki yomweyo. Mlatho ukachedwa, mtsinje umaupeza pomwepo. Nanga mwana? Kodi pamene munkaika ndalama zake m'thumba limodzi ndi simenti, panalibe mayi m'chipindamo woti akukumbutseni kuti mwendo sudikira siginecha?

Mwina vuto lina ndi ife tomwe. Amayi a ana aulumali tinazolowera kuwomba m'manja. Akatiuza kuti mudikire, timati zikomo. Akatiuza kuti mubwerenso, timati zikomo kwambiri. Timaopa kuti tikafunsa kuti liti, tioneka osayamika, dzina la mwana lingachoke pamndandanda. Tsiku lija tinalipo amayi ambiri, ena anachokera ku Kabudula wapansi ana ali kumsana, koma palibe anakweza mawu. Inenso sindinakweze. Ndinathandiza kubwezera zitsulo m'thumba, ndipo ndinati zikomo.

Kenako a Mbewe anatulutsa tepi kuti amuyezenso. Atayeza kuchokera pachidendene kufika pabondo, anaima, cholembera chili m'manja.

"Mayi, chimanga mwakolola bwanji chaka chino?"

Ndinadabwa. "Adokotala, chimanga chikukhudzana bwanji ndi miyendo?"

"Chikukhudzana. Masiku ano sindiyeza mwana amene ali pabenchi, ndimayeza amene ndidzamupeze. Ndimawonjezera pang'ono. Pakhomo pakakhala chakudya, zala zitatu. Pakakhala njala, ziwiri, mwina chimodzi. Ndikawonjezera kwambiri, chitsulo chidzapindikira pamwamba pa bondo, azidzagwa. Ndikachepetsa, tidzaonanso za lerozi."

"Nanga zidzabwera liti?"

"Ndikanadziwa mwezi wake, sindikanakufunsani za chimanga. Nkhokwe yanu mumaidziwa ndinu, eti? Ndiuzeni, ndilembe zingati?"

Abale, ndafunsidwapo mafunso ovuta pamoyo wanga, koma ili linaposa onse. Ndinaganiza za nkhokwe yathu. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo tikadzafika nacho Khirisimasi chidzakhala chisomo chabe. Ndinayang'ana mwana wanga, iye akundiyang'ana, diresi ya kutchalitchi atayikwinyira m'manja.

"Lembani ziwiri."

Analemba. Ndiye kuti ine mayi wake ndavomera papepala kuti chaka chino mwana wanga sadya zokwanira.

Pobwerera sanatsikire pamsewu. Wakabaza anatifikitsa pakhomo penipeni, chifukwa Tiyamike anamupempha kuti adzere kuseri, kumene kulibe ana.

Lachitatu masana ndinaphika futali, amene iye amamukonda kuposa chilichonse. Anamaliza mbale yake n'kuikankhira kwa ine.

"Amayi, onjezerani pang'ono."

Ndinatenga chipande, ndinatapa, koma dzanja linaima m'malere. Mumtima munabwera mawu akuti, talembetsa zala ziwiri zokha, asakule kuposa apo. Sizinatenge nthawi, mwina kupuma kamodzi. Koma Tiyamike anaona.

"Watha?"

"Alipo mwana wanga, idya."

Ndinamuikira zipande ziwiri zodzaza, kenako ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi kukalira. Chibadwire chake sindinamuwerengerepo chakudya. Madokotala atandiuza ali wakhanda kuti mwina sadzayenda, sindinamumane bere. Lero ndi pepala la kuofesi limene landigwira dzanja.

Lachinayi kumapemphero a amayi anatifunsa kuti amene ali ndi chosowa anene timupempherere. Ndinaimirira, ndinatchula dzina la mwana wanga, kenako ndinasowa chopitiriza. Amayi anangoyamba nyimbo kuti andiphimbe manyazi.

Inu amene mumasayina mapepala, sindikukupemphani kuti muwonjezere ndalama, ngakhale zikanathandiza. Ndikupempha kuti ya kuyeza ndi ya kupanga zizituluka tsiku limodzi. Zikakanika, tiuzeni mwezi weniweni, a Mbewe asiye kulosera ndi nkhokwe zathu. Mvula ikagwa sindidzatha kugwira khasu ndi kubereka mtsikana wa msinkhu uwu tsiku lomwelo, ndipo chimene chidzagonje ndi sukulu yake.

Ine ndimagwada m'mawa uliwonse, ndipo Mulungu sindimubisira kanthu. Ndiye ndithandizeni, mawa ndikamuuze chiyani za Tiyamike: akule, kapena ayambe wadikira gawo lanu lachiwiri?