A Wailesi, Wofotokozera Osaona Zithunzi

Ambiri m'parishi muno dzina la ubatizo la malemu a Wailesi sitikulidziwa, ndipo ngakhale bambo mfumu pa Misa ya maliro anachita kusuzumira papepala. Dzina la Wailesi analipata ali mwana. Mlongo wawo wamkulu anabadwa wosaona, ndipo makolo anapatsa mnyamatayo udindo womutsogolera ku tchalitchi. Iye kungogwira dzanja sikunamukwanire. Njira yonse ankalengeza zimene akuona: galu wotsimphina, njinga yopanda mabuleki, masokosi osiyana mitundu a mkulu wa kwaya. Tsoka lake, wailesiyi inalibe pochepetsera mawu, moti mwini masokosi ankamva nawo.

Tsiku lina, pofuna kusangalatsa mlongo wakeyo, anamuuza kuti watchena, chonsecho diresi inali itang'ambika kumbuyo. Atsikana anzake anamuseka. Pobwerera kunyumba mlongoyo sanakalipe, anangofunsa kuti, "Ngati iwenso uzindinamiza, nditsala ndi ndani?" Mnyamatayo analira, ndipo anakagwada kuguwa n'kulonjeza kuti sadzauzanso munthu wosaona chinthu chimene sichili choncho. Enafe malonjezo otere timawaiwala tisanafike pageti la tchalitchi. Iye lake analisunga mpaka imvi, kupatula kamodzi kokha.

Atakula anakwatira, anabereka ana, ndipo analowa ntchito yonyamula makatoni pa kampani ina yogulitsa katundu wa m'nyumba. Misa ya m'mawa sankaphonya, ndipo kolona inkakhala m'thumba la ovolosi pamodzi ndi mpeni wodulira tepi. Kampaniyo itayamba kugulitsa pa intaneti, akuluakulu analengeza lonjezo lakuti aliyense, kaya ndi wosaona, wosamva kapena wolumala manja, azigula yekha patsamba lawo osapempha thandizo. Anaomba m'manja, anajambulitsa, lonjezolo analiika m'felemu n'kulipachika polandirira alendo. Pambuyo pake m'pamene wina anawauza kuti foni ya munthu wosaona imamuwerengera mawu okha, chithunzi imangochilumpha, choncho chithunzi chilichonse chikufunika wochifotokoza m'mawu. Zithunzizo zinali zosawerengeka. Mwadzidzidzi aliyense mu ofesi anapezeka kuti ndi wotanganidwa, ndipo ntchitoyo inatsika masitepe mpaka inakapeza a Wailesi kumakatoni.

Anaiona ngati ntchito yochokera kwa Mulungu, ndipo anaphunzira kutayipa ndi zala za mkombaphala zokha. Sankalemba za katundu asanamugwire. Ankatsika, kutsegula katoni, kukhalira mpando, kununkhiza pilo, kenako n'kukwera kukalemba. Za mpando wina analemba kuti, "Wofiirira, wa miyendo yachitsulo. Pachithunzi ukuoneka waukulu chifukwa wakhalapoyo ndi wochepa thupi." Za ketulo anachenjeza kuti chivundikiro chake n'chouma mutu, chimafuna kuleza mtima. Za nyale ina anangoti kuwala imawala ndithu, koma kukongola ayi.

Apa m'pamene panabwera mayesero. Bwana wa zamalonda, mnyamata wa tayi yothina, analamula kuti katundu aliyense azilembedwa kuti ndi wokongola, apo ayi a Wailesi asiye mpandowo. Kunyumba kunali ana oti adye, ndipo kamodzi anagonja: analemba kuti kapeti ina, ya mtundu wa madzi otsukira mbale, ndi yokongola. Chakudya sichinatsike mpaka anakalapa. Iwo eni ankasimba kuti bambo mfumu wa nthawiyo atamva tchimolo anangofunsa ngati palibe lina lonenepako. Lolemba a Wailesi anafufuta mawuwo n'kukadziulula okha kwa bwana.

Anawabweza kumakatoni, ndipo m'malo mwawo anaikamo pulogalamu ya kompyuta yofotokoza zithunzi yokha. Zinawapweteka kwambiri, osati chifukwa cha mpando, koma poganiza za anthu amene ankawadalira. Sananyoze munthu. Ankangopempherera bwanayo Lamulungu lililonse pa mapemphero a anthu onse, momutchula udindo ndi cholakwa chake, ndi mawu awo aja osachepetseka, moti parishi yonse inkayankha "Ambuye timvereni" ikuidziwa bwino nkhaniyo.

Kompyuta ija inkalemba mwachangu ndi mosakayika. Mlongo wawo, amene tsopano anali mayi wachikulire wonyadira kuti amagula yekha zinthu pafoni, anamva kuti pali "bulangete lofewa la munthu mmodzi" n'kuliitanitsa. Litafika anadabwa kuti n'lozungulira ndipo silifika m'mawondo. Mnansi wake ndi amene anamuuza, akudziluma milomo, kuti kanali kogonera galu. Mayiyo anatenga ndodo yake, anakwera basi, anakakhala polandirira alendo pa kampani paja kogonerako kali pamiyendo. Anakana tiyi, anakana kupepesedwa ndi mlembi, anati akufuna bwana amuwerengere chimene chili m'felemu. Bwanayo anayamba kuwerenga mwamphamvu, koma pofika pa mawu akuti ulemu kwa aliyense anali akungonong'ona.

"Mwawerenga bwino, mwana wanga," anatero mayiyo. "Tsopano, popeza inu mumaona, tandiuzani: ndine galu wa mtundu wanji?"

Sabata isanathe a Wailesi anabwerera pampando, ndipo kampani inakhazikitsa lamulo lakuti zimene kompyuta yalemba zisatuluke munthu asanagwire katunduyo ndi manja. Inalembanso ntchito anthu olumala kuti aziyesa tsambalo. A Wailesi sanadzitame, ndipo kompyutayo sanaisungire chakukhosi. Ankaitenga ngati mwana wa katekisimu, n'kumati si wabodza ayi, kungoti amayankha asanamve funso. Bwana ujanso a Wailesi anapitiriza kumupempherera, koma tsopano pa zothokoza, zimene mwina zinkamuchititsa manyazi kuposa poyamba.

Atapuma pantchito anakhala zaka zingapo akuperekeza okalamba ku tchalitchi, mpaka miyendo inawakana. Anadwala osadandaula, kupatula kuuza adokotala kuti mankhwala amene ankati ndi osawawa anali owawa. Masana ena, atalandira kudzoza kwa odwala, anagona chagada pakati pa akazi awo ndi ana, mlongo wawo atawagwira dzanja. Anayamba kuyang'anitsitsa m'mwamba, nkhope ikumwetulira. Mlongoyo anamva kuti dzanja lasintha.

"Iwe, waona chiyani? Tandiuza."

"Dikirani pang'ono, achemwali," anayankha chapansipansi, koyamba m'moyo wawo. "Ndionetsetse kaye, ndingakunamizeni."

Sanalankhulenso. Tikuwasowa, ndipo tikupempha Mulungu awalandire ndi kutiphunzitsa kusunga zimene timalonjeza. A mphakati atapita kukapepesa, anapeza mlongoyo ali phee, osalira. Anawauza kuti iye za kumwamba sakayikanso: kukanakhala kuti kulibe kanthu, Wailesi akanamuuza.