Jekete ya Tadala

Linali Lamlungu la mu Febuluwale, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinkasita jekete ya sukulu ya msuweni wanga Tadala. M'kabuku kamene ndinkalembamo za tsiku lililonse ndinali nditalemba kale kuti jeketeyo imanunkhira kapinga womweta kumene. Mphepo inkagwedeza malata a kanyumba kathu ku Masiphumelele, komboni ya m'dziko la eni limene tinasamukirako, mchenga ukulowera pansi pa chitseko.

Jekete imeneyo ikanatha kukhala yanga. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa adona ena ku Noordhoek, dera la anthu olemera pafupi ndi kwathu, ndipo amalume, bambo ake a Tadala, ankasamalira maluwa pakhomo pomwepo. Tili mu Giredi 7, adonawo anati akufuna kulipirira mwana mmodzi kusukulu ya atsikana ya anthu olemera, koma ayambe ationa tonse awiri. Amayi anandilangiza njira yonse. Titalowa pabalaza ndinagwada pakapeti, maso pansi, monga mwana woleredwa bwino. Adona atandifunsa chimene ndinkafuna kudzakhala, ndinayankha chapansipansi kuti, "Chilichonse, adona." Mumtima ndinkadziwa kuti ndi udokotala, koma kudzitchulira chinthu chachikulu chotero pamaso pa wamkulu ndinkaona ngati mwano. Tadala, wobadwira konkuno, anadzikhalira pasofa asanauzidwe, n'kuwayang'ana adona m'maso, n'kuwafotokozera za anamgumi mpaka tiyi kuzizira.

Pobwerera amayi anandisisita kumutu. "Wandilemekeza, mwananga."

Adona anasankha Tadala, amene pa mayeso aliwonse ankabwera pambuyo panga.

Kuyambira pamenepo Tadala ankagonera kusukulu, n'kumabwera Loweruka ndi zovala zake, poti simbi yabwino inali kwathu. Sindinkamuda. Koma akayamba kukamba za dziwe losambiramo ndi laibulale ya nsanjika ziwiri, nsanje inkandigwira. Tsiku lina ndili ndekha ndinaivala jeketeyo. Inandikwana bwino kuposa mwini wake, ndipo zimenezo zinandipweteka kwa sabata yonse.

Lamlungu limenelo Tadala anagona chagada pabedi langa, akudya mtedza wanga.

"Usaiotche, Mphatso. Ukaiotcha tikugulitsa iweyo ndi simbi yomwe."

"Ndani angandigule?"

"Zoonadi, sulankhula." Anaseka, kenako anati, "Kodi adokotala, mwatenga masamu ati chaka chino?" Ndi iye yekha amene ankadziwa za loto langa.

"Amene atipatsa, otchedwa Maths Lit. Aphunzitsi anati ndi opepuka, kalasi yonse tidzakhoze."

Anadzuka, mtedza n'kumwazika pabulangete. "Iwe, ukunena zoona? Ku udokotala masamu amenewo sawayang'ana n'komwe. Ngakhale utakhoza zonse, sakutenga. Amafuna masamu enieni ndi fizikisi."

"Wakuuza ndani?"

"Aliyense amadziwa! Kwathu kuli mayi wina, ntchito yake ndi yomweyo basi. Chaka chatha anatiitana mmodzimmodzi, n'kutifunsa kumene tikufuna kudzapita, n'kutiuza maphunziro oti titenge. Atsikana amene ali kale kuyunivesite amabwera kudzatiphunzitsa mayeso olowera."

Anati "kwathu", akunena sukulu. Sanamve n'komwe kuti watero.

Simbi inali pamwamba pa baji ya golide ya pathumba. Ndinamva nsalu ikuyamba kununkha kutentha, ndipo dzanja langa silinafune kunyamuka. Ndinaganiza za atsikana a kalasi yathu, anzeru zawo, amene chitseko chinali kuwatsekekera mwakachetechete popanda wowauza kuti panali chitseko. Kenako ndinanyamula simbi. Baji inali bwinobwino. Maso anga ndiwo ankaotcha.

Amayi, amene ankasenda anyezi pakhomo, anali atamva zonse. "Aphunzitsi amadziwa chimene akuchita," anatero. "Usakachite mwano kusukulu, Mphatso. Ndife alendo m'dziko muno."

Tadala anatola mtedza umodzi pabulangete. "Azakhali, mwanowo ndi umene unandiveka jeketeyi."

Ndinayembekeza kuti amayi amukalipira. Sanatero. Anayang'ana mpeni uli m'manja mwawo, kenako anapukuta m'maso ndi chitenje, n'kunena kuti anyezi wa kuno ndi waukali.

Lero ndikamaona mayina a ana olowa mayunivesite ovuta kulowa, sindidabwa kuti ambiri amachokera kusukulu zonga ya Tadala. Ndalama za adona sizinamugulire nzeru. Zinamugulira munthu womuuza msanga zimene ine ndinazimva mwangozi, ndikusita. Nsanje imeneyo sinathe yonse, ndipo sindidzinamiza kuti inatha.

Madzulo a Lamlungu lija, amalume asanabwere kudzamutenga, Tadala anakhala pampando n'kudzisandutsa aphunzitsi aakulu a sukulu yathu. Ankatsokomola mwaukulu, n'kumandifunsa kuti, "Ukufuna chiyani, mtsikana iwe?" Ndikagwetsa maso ankandigenda ndi mtedza. Ndinagendedwa kambiri.

Atapita ndi jekete yake, ndinatsegula kabuku kanga n'kulemba chimene ndidzachite mawa lake. Belu lisanalire ndidzagogoda pa ofesi ya aphunzitsi aakulu. Ndidzapereka moni mwaulemu monga anandiphunzitsira amayi, koma sindidzagwada, ndipo maso anga adzakhala pa nkhope yawo. Ndidzati, "Ndikufuna kudzakhala dokotala. Chonde, mundisamutsire ku masamu enieni."