Kawayilesi Kamene Ndinakalondola ku Kapondo

Ine ndine munthu wokayikira. Akazi anga amati ngakhale dzira ndimayamba ndaligwedeza pakhutu ndisanagule, ndipo sanama. Ntchito ya Baibulo sinandichotse khalidwe limeneli, mwina inachita kulinola. Pa zaka zimene ndazungulira midzi ya kuno ku Mchinji, ndaonapo Baibulo limene tinapereka ulere Lachiwiri litayalidwa pamsika wa Kamwendo sabata yomweyo, pakati pa sopo ndi mabatire. Ndiye munthu akandiuza kuti ndibwere mawa, ine ndimadziwiratu kuti pali chimene akubisa.

Ntchito yanga inali yogawa timawayilesi ta Baibulo. Ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, kotchaja ndi dzuwa, ukadina batani kamawerenga Mawu a Mulungu m'Chichewa. Sitinkapatsa munthu mmodzi ayi, tinkapatsa gulu, makamaka la anthu osadziwa kuwerenga ndi ofooka maso. Gululo linkasankha wosunga, ndipo sabata iliyonse ankakumana n'kumvetsera limodzi. Lamulo linali losapita m'mbali: kakasowa, kapena kakasanduka ka munthu mmodzi, gulu limatsekedwa.

Kudera la Kapondo gulu lina linasankha mayi wina wamasiye, wachikulire ndithu, wosalankhulalankhula. Miyezi yoyamba ndinalibe nawo dandaulo. Ndikafika pa njinga yanga yamoto ndinkapeza atasesa pansi pa mtengo wa mango, mphasa atayala, kawayilesi atakakhazika pa mtondo wovundikira kuti aliyense amve. Ndinkabwerera kunyumba mtima uli mbee, ndikuti Mulungu ali ndi anthu ake.

Ulendo wina ndinapeza anthu akungoimba nyimbo, pa mtondo palibe kanthu.

"Sikanatchaje, aphunzitsi," anatero mayiwo. "Kunachita mitambo."

Ndinayang'ana kumwamba. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, mtambo ngakhale umodzi panalibe. Ndinangoti chabwino. Ulendo wachiwiri anati akaiwala kudimba. Wachitatu sanatuluke n'komwe m'nyumba, ananditumizira mawu akuti mutu wawavuta. Mayi wina wa m'gululo anandiperekeza mpaka pa njinga, n'kundinong'oneza kuti anzawowo masiku ano amalawirira m'mawa ndi dengu lovundikira, kulowera njira ya kumalire.

Kumalire! Pamenepo mutu wanga unayamba ntchito yake. Ndinkadziwa kuti amalonda odutsa m'tinjira ta ku Zambia sasiya kanthu kotchaja ndi dzuwa. Kuwonjezera apo, tsiku la msika ndinawaona mayiwo pa Kamwendo, m'golosale ya bambo wina wachisilamu, akusankha bulangete latsopano. Munthu amene ankandidandaulira za mchere, bulangete walipeza bwanji? Sindinawapatse moni, ndinabisala kuseri kwa minibasi ngati wapolisi. Kunyumba ndinapemphera ndithu, koma kunena zoona linali pemphero la munthu amene wagamula kale mlandu.

Tsiku la gulu ndinafika anthu atakhala kale, pa mtondo palibenso kanthu. Sindinadikire n'komwe pemphero lotsegulira.

"Mayi, lero sindichoka pano ndisanakaone kawayilesi."

"Aphunzitsi, tiyeni tilankhule pambali."

"Ayi mayi. Za gulu timakambira pagulu."

Mawu amenewa ndinawanena ndikudzimva kuti ndine munthu wachilungamo. Mayiwo anaimirira, anamanga bwino chitenje, n'kunena kuti, "Tiyeni, mukakaone." Abambo atatu ndi amayi angapo anadzuka kutitsatira. Mayiwo anandiyang'ana ngati akupempha kuti ndiwabweze, koma ine ndinakondwa kuti ndili ndi mboni.

Tinayenda pafupifupi ola lathunthu, kudutsa minda imene anali atayamba kale kugalauza, kuwoloka dambo louma, mpaka kumene minda ya kwathu imakumana ndi ya anzathu a ku Zambia. Njira yonse ndinkayembekezera kuti aima n'kuulula kuti anagulitsa. Ndinali nditakonza kale mawu owadzudzula nawo, ndi vesi lomwe. Koma patsogolo pathu panaoneka chigafa chakale cha fodya, denga litagwa mbali imodzi, ndipo tisanafike ndinamva mawu amene ndimawadziwa bwino kuposa a abale anga. Kawayilesi kankawerenga.

M'katimo munali bambo wokalamba, wowonda, maso ali oyera ndi ng'ala. Anagona pa mphasa, bulangete latsopano lija atatsamira, kawayilesi kali pachifuwa. Anakazimitsa mofufuza ndi chala.

"Ndinu alongo?" anafunsa. "Mwabwera ndi ndani? Ndikumva mapazi ambiri."

Kumbuyo kwanga bambo wina analankhula motsitsa mawu. "Kani mfiti ija ilipo."

Nkhani yonse ndinaimvera pomwepo, pakhomo pa chigafa. Mkuluyo anali mlongo wawo wa mayi wamasiye uja. Zaka ziwiri m'mbuyomo mwana wina anamwalira mwadzidzidzi m'mudzimo, anthu analoza iyeyo, anamutenthera nyumba n'kumuthamangitsa. Onse ankadziwa kuti anathawira ku Zambia. Koma maso atafa anabwerera, ndipo mlongo wake anamubisa m'chigafamo, n'kumamupititsira chakudya m'dengu lija. Bulangete anagula atagulitsa mtedza wawo wambewu.

"Amakhala okha tsiku lonse," anatero mayiwo, akuyang'ana ine ndekha. "Anayamba kumanena zoti bola kufa. Nditawasiyira kawayilesi tsiku limodzi, anayambanso kudya. Ndinalephera kuwalanda."

Ndikanakonda kulemba kuti pamenepo mtima wanga unasweka. Koma ine ndi ine. Maso anga anayamba azungulira m'chigafamo, m'makona ndi kudenga, kufunafuna nsupa kapena kanthu kena kachilendo. Ndinaona kapoto, chigubu cha madzi ndi ndodo. Manyazi anandigwira nditamaliza kusecha.

Ndinatembenukira anthu aja n'kuyamba kulalikira za chifundo. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndipo ndinalankhula bwino, poti pakamwa ndiye ndili napo. Iwo anangoima, nkhope zili gwa. Sindinadziwe kuti mmodzi wa abambo atatuwo ndiye bambo wa mwana anamwalira uja. Bamboyo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatembenuka n'kumapita, enawo n'kumutsatira. Ine ndinapemphera ndi mkuluyo, ndinamusiyira kawayilesi, n'kubwerera ku njinga yanga ndikudzilimbitsa mtima kuti Mawu afesedwa ndipo amera.

Sabata yotsatira pansi pa mtengo wa mango panali posasesa. Mphasa panalibe. Mayi wamasiye anakhala okha pakhonde la nyumba yawo, kansalu komanga kali pamiyendo. Ndinakhala pansi osadikira mpando.

Anandiuza mosakweza mawu, ngati akunena za mvula. Tsiku lotsatira ulendo wathu uja anthu anapita kukagwetsa chigafa. Mwamwayi mayiwo anali atalawirira, anawagwira ndodo alongo awo n'kuwawolotsera ku Zambia, kwa wachibale wina wapatali amene wavomera kuwasunga mwezi umodzi wokha. Kawayilesi anabwerera nako, koma gulu lakana kumvetseranso kanthu kamene kanagona pachifuwa cha mfiti. Mayiwo akafika pamjigo, amayi anzawo amachotsa zidebe zawo pamzere, ndipo palibenso wowasenzetsa.

"Ndalakwa ndine, mayi," ndinatero. "Munandipempha kuti tilankhule pambali."

"Ndinakupemphani."

Anamasula kansalu kaja n'kundipatsa kawayilesi ndi manja awiri, atakapukuta bwinobwino.

Mpaka lero ndimawatchula m'pemphero anthu awiriwa, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amene anamupeza mkulu uja m'chigafa sangamutaye kutsidya. Koma tsiku limenelo ndinkafuna kukonza zinthu ndi manja angawa. Ndinawabwezera kawayilesi. Ndinati za lamulo aiwale, ndikayankha ndekha ku ofesi, iwo akawapatse alongo awo kumene aliko, azimvetsera mpaka kalekale.

Anakayang'ana, ndipo ndinaona kuti akukafuna. Kenako anabweza manja awo pamiyendo.

"Ayi aphunzitsi, pitani nako. Mungadzatilondolenso."

Ndinakaika m'chikwama, ndinaliza njinga, n'kumapita.